Mchere wa pa Galasi la Efulemu

Pa Nathenje,
Lilongwe.
17 Julaye, 2024.

Okondedwa achimwene a Abednego,

Ndayamba ndi kukulonjerani, inu ndi alamu anga kumeneko ku Nchalo. Kaya miyendo yanu ija ikukulolani kuyenda? Kuno tilipo, koma kuzizira kwa chaka chino kwatilowa m'mafupa, moti m'mawa ndimachita kukambirana ndi bondo langa kuti tidzuke limodzi.

Musadabwe kulandira kalata kuchokera kwa ine amene sindinapondepo pakhomo la sukulu. Pakamwa ndi panga, dzanja ndi la ena. Ndawauza olembawa kuti alembe monga ndikulankhuliramu, asakometse, asachotsepo, ndipo tikatha andiwerengere ndimve ngati sanabe mawu. Foni ndaikana dala. Inu pafoni simumva, mumangoti "eya, eya" ngakhale munthu akukuuzani za maliro. Komanso mawu a pafoni amathamanga kusiya mwini wake m'mbuyo, ndipo ndi amene andifikitsa pamene ndilipa.

Nkhani yake ndi iyi. Mlandu uja ndinakuitanirani, woti mubwere ngati nkhoswe mudzamve za banja la mwana wanga Efulemu ndi mkazi wake Maness, palibenso. Ndauthetsa ndekha. Koma kubwera mubwerabe, chimene mudzere ndikuuzani kumapeto. Poyamba imvani kwa ine mmene zinayendera, chifukwa nkhani ikakwera minibasi kuchoka kuno idzafika kwanuko itamera nyanga.

Paja Efulemu, pambali pa kuyendetsa thiraki, anatsegula malo odyera m'mbali mwa msewu waukulu kuno ku Nathenje. Inu simunafikepo. Amene amayang'anira malowo ndi mkazi wake, iye amangokhalira msewu wa ku Beira ndi ku Dar. Ine ndinachoka ku Mitundu chimanga chisanalowe m'nkhokwe, kudzathandiza apongozi angawa atangochira. Mwana ndi wamwamuna, dzina lake Chipulumutso, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa, awiri oyamba aja sanakhale. Ichi musachiiwale powerenga, pakuti zonse ndinachita ndinachitira mwana ameneyu.

Tsono m'chipinda chodyeramo Efulemu anaikamo chinthu. Ndi bokosi la galasi lokhalokha, kutalika kwake ngati bedi la munthu mmodzi, lodzaza madzi, m'katimo muli nsomba. Si chambo, si matemba, si mlamba ayi. Ndi nsomba za kunyanja ya mchere, anabwera nazo kuchokera ku Dar zili m'majumbo. Zina ndi zofiirira ngati papaya wakupsa, zomanga malamba oyera, ndipo pali ina yabuluu ya mchira wachikasu imene makasitomala anaitcha Abwana chifukwa siifulumira poyenda. Sizidyedwa. Ndinafunsa mobwereza, achimwene, sizidyedwa. Ntchito yake ndi kudya ndi kuyang'anidwa, basi. Madzi ake amachita kusungunuliramo mchere wakewake wa m'chidebe, wosathira m'ndiwo, ndipo pali kapampu ka magetsi a sola kamene sikapuma. Ndinamuuza Efulemu kuti bambo ake akanakhala moyo akanamufunsa ngati ng'ombe zatha pamsika wa Mitundu. Koma ndisaname, anthu amaima. A mathiraki, a maminibasi, ngakhale mabwana a ku Lilongwe opita ku Dedza amatsika, kujambula ndi mafoni, kenako n'kuitanitsa chipisi.

Vuto la chinthu chimenechi ndi galasi lake kunjaku. Fumbi la pamsewu limalowa tsiku lonse. Ana amakanikizapo mphuno. Akuluakulu ndiye oipitsitsa, munthu wadya nkhuku ndi chipisi, osasamba m'manja, n'kumati "taonani iyi, taonani iyo," chala chili pagalasi. Ndiponso madzi akadonthera m'mphepete amauma n'kusiya mchere woyera wokakamira, mizere yake kutsetsereka ngati misozi ya mwana amene walira n'kugona osasukusula.

M'mawa uliwonse ndinkaona apongozi anga akutenga kansalu kofewa, kukanyowetsa ndi madzi a pamjigo, kudonthezerapo viniga, n'kumasisita galasi ngati akupukuta khanda. Akatero n'kutenga kansalu kena kouma. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Amake mwana, kodi sopo watha m'nyumba muno?"

"Alipo, amayi."

"Nanga bwanji mukutsukira za pachipisi?"

Anaseka n'kugwada pang'ono, monga amachitira. "Amayi, galasi ili silifuna sopo, ngakhale mankhwala opopera aja. Kadontho kakangolowa m'madzimo nsomba zimavutika. Viniga yemweyu timathira pansalu, osati pagalasi, ndipo pamwamba penipenipo timapukuta ndi madzi okha."

"Anakuuzani ndani?"

"Amene anagulitsa nsombazi anawauza abambo ake a Chipulumutso."

"Ameneyo ndi mwamuna?"

"Eya, amayi."

"Basi, ndamva."

Inu achimwene, mwamuna angandiphunzitse ine kutsuka? Ine amene mapoto anga amabwerekedwa paukwati uliwonse kwathu kuja, anthu n'kumadziyang'aniramo nkhope? Ndinati mumtima, uwu ndi ulesi wovala nsapato, ulesi wa ana a sukulu.

Lamulungu iwo amapita kutchalitchi m'mawa, malo odyera amatsegula masana. Ine ndi bondo langali ndimatsala, ndimapemphera ndi wailesi. Ndiye ndinatenga beseni ndi sopo wa ufa, wonunkhira mandimu uja, n'kuvundula thovu la ulemu wake. Ndinatsuka galasi mbali zonse. Ndinakwera pampando, ine ndi ukalamba wangawu, n'kukwecha m'mphepete mwa pamwamba mmene mchere umakakamira. Chivundikiro ndinachichotsa, kuchitsuka kunsi ndi kumwamba, n'kuchibwezera. Achimwene, linawala. Munthu ukanati nsomba zikuuluka m'chipinda. Masana kasitomala wina anati, "Mayi, lero ndiye mwapukuta!" Apongozi anga anayang'ana galasi, n'kuyang'ana ine. Ine maso anali kumsewu. Ntchito yabwino sifuna kuti mwini wake aimbire ng'oma.

Kutacha, kansomba kamodzi ka malamba kanali chagada.

Apongozi anga anandifunsa mwaulemu ngati wina anakhudza bokosilo. Ndinati kukhudza kotani? Ndipo sindinaname, chifukwa ine nsomba sindinazikhudze, ndinatsuka kunja. Olembawa aimitsa cholembera pamenepa. Ndawauza kuti alembe momwemo, sindinaname. Iwo anasintha madzi ena, zotsalazo zinatsitsimuka, nkhani n'kuzizira. Lamulungu linalo galasi linali litadanso, ndinatsukanso, ndipo m'sabatamo zinafa zina, maso atatuluka, mimba zitatupa.

Sabata yomweyo Chipulumutso anayamba kutsokomola.

Efulemu anali ku Beira, thiraki yake itatsekeredwa kudoko nthawi yaitali. Tsiku lina masana ndinazungulira kuseri kwa nyumba nditabereka mwana, n'kupeza apongozi anga akusungunula mchere uja m'diramu, mkono uli m'madzi mpaka m'chigongono. Pambali pawo panali Noah, bambo amene amakonza za sola ndi kapampu kaja, atagwira paipi, onse awiri akuseka. Tandiuzani inu. Mwamuna ali kutali, mwana sanatengedwe mwa mwambo wake, mkazi ali mumchere mpaka m'chigongono, mwamuna wina akuseka pambali. M'nyumba nsomba zikutupa, kumsana kwanga khanda likutsokomola. Munaleredwa ndi amayi omwe anandilera ine. Mukanati chiyani? Ine ndinati tsempho. Paja anatiphunzitsa kuti mkazi amene wayenda njira zina sathira mchere, akathira amadula a m'nyumba mwake. Ndinati layamba ndi nsomba poti ndizo zikumwa mcherewo, tsopano lafika pa mwana, lidzathera pa Efulemu. Ndinakumbukira timanda tiwiri tija, mutu wanga n'kuima.

Sindinachedwe. Chidebe cha mchere wa nsomba ndinachikokera m'chipinda changa n'kukhoma, kiyi ndinamumanga pamfundo ya chitenje. Mchere wa kukhitchini ndinaupereka kwa Jacinta, wophika wathu, mayi wamasiye wachikulire. Kenako ndinati, "Amake mwana, kuyambira lero inu mchere musaukhudze. Wa m'ndiwo, wa m'diramu, ngakhale wokakamira pagalasiwo."

Mawu amenewa mkazi aliyense wa kwathu amadziwa chimene akutanthauza. Anaimirira chilili, dzanja likudontha madzi.

"Amayi, mukundinena?"

"Sindinanene munthu. Ndanena mchere."

Sanalire ayi. Anamasula mwana kumsana kwanga n'kupita naye kuchipatala.

Apa ndi pamene foni inagwira ntchito yake. Ndinaimbira Efulemu, ndinaimbira inu, ndinatumiza mawu kwa a Pitala, amalume awo a Maness, ku Malingunde. Ndipo pamjigo ndinauzako mayi mmodzi yekha, koma pajatu mayi mmodzi wa pamjigo ndi Nathenje yense. Noah anasiya kubwera. Apongozi anga akamadutsa ndi ndowa, amayi ankangoti zii. Efulemu atafika sanafunse mkazi wake kanthu. Anapereka moni kwa ine, anayang'ana mwana, anayang'ana nsomba zake zotsala, n'kukagona m'thiraki. Apongozi anga analongedza zovala zawo ndi za mwana m'chikwama chachikulu cha mizeremizere chija, n'kuchiika kuseri kwa chitseko. Anati, "Sindithawa. Ndidikira ankhoswe, ndichoke anthu akuona." Mawu ake anali otsika, koma ndinadziwa kuti akachoka achoka ndi Chipulumutso, ndipo sadzabweranso.

Ine ndinapita kaye ku Mitundu kukauza abale ndi kukaona chimanga, kiyi ali pachitenje. Ndinakhalako masabata angapo. Ndipo tamvani, nthawi yonseyo sikunafe nsomba ngakhale imodzi, mwananso chifuwa chinayamba kuchepa. Ndinabwerako mutu uli m'mwamba. Ndinauza Jacinta kuti waona, ndatseka mchere, imfa yatseka. Ndani akanandibweza pamenepo?

Ndinafika Loweruka, a Pitala akuyembekezeka m'sabatamo, inunso mutati mukufunafuna ulendo. Galasi ndinalipeza lili mbuu, poti apongozi anga anamvera mawu anga osalikhudza. Zala, mphuno, fumbi, mchere, nsomba kuoneka ngati zili mu utsi. Ndinati ankhoswe a ku Malingunde asadzapeze uve pakhomo pa mwana wanga n'kukanena kwawo. Lamulungu m'mawa onse atachoka, Efulemu ali mtulo m'thiraki mwake, ndinavundula thovu langa, kutsuka monga kale, m'mphepete, chivundikiro, zonse.

Kale ndikatha ndinkapita kukatsegula wailesi. Koma tsiku limenelo potsika pampando bondo linandigwira, ndiye ndinangokhala pampando pomwepo, pamaso pa galasi. Aka kanali koyamba kuti ndikhale pansi n'kuziyang'ana nsombazo ngati kasitomala. Galasi linali mbee, chilichonse chikuoneka. Ndipo ndinaona pakona, pamene kapampu kamalavulira madzi, pakusonkhana thovu. Osati thovu la masiku onse lophulika msanga lija ayi. Ili linali kuunjikana, la mitundumitundu ngati utawaleza. Posapita nthawi Abwana anakwera pamwamba, kukamwa yasa, kutseka, yasa, kutseka, kenako n'kupendekeka. Tina tija n'kutsatira.

Achimwene, mukukumbukira ku Diamphwe kwa agogo, nthawi ya chilimwe madzi ataphwa, inu ndi abambo mukusinja katupe pamwala n'kumuviika m'dziwe? Madzi ankachita thovu, matemba n'kumakwera pamwamba kukamwa kuli yasa, ine n'kumawola ndi lichero. Nsomba ya tsempho sindinaionepo chibadwire, koma nsomba ya katupe ndimaidziwa. Ndinakweranso pampando, bondo likulira, n'kutunga thovulo ndi chala, n'kununkhiza.

Mandimu.

Apongozi anga anali kutchalitchi. Mchere unali m'chipinda chokhoma. Noah anali atasiya kale kuponda pakhomo. M'nyumba monse munalibe wina koma ine ndi beseni langa.

Munthu wina akanakhuthula beseni kuseri n'kukhala chete, nsomba zife, ankhoswe abwere, ndipo palibe akanadziwa. Musaganize kuti Satana sanandinong'oneze zimenezo, anali pampando womwewo. Koma ine ndine mwana wa a Nkhoma. Ndikalakwa ndimalakwa poyera, ndikakonza ndimakonzanso poyera. Ndinatuluka n'kuimitsa kabaza, ine amene ndinalumbira kuti sindidzakhala kumbuyo kwa njinga ya mwana wa eni. Ndinati, "Kutchalitchi, ndipo upalase ngati wabera munthu."

Ndinalowa ulaliki uli pakati, mpango uli pambali, manja akununkha sopo. Ndinapita mbali ya amayi n'kuima pamzere wawo. "Amake Chipulumutso, tulukani." Tchalitchi chonse chinatembenuka, ankayesa ndabweretsa mlandu m'nyumba ya Mulungu. Iwo anatuluka pang'onopang'ono, nkhope itauma, okonzeka kumva chipongwe china. Titafika panja ndinati, "Nsomba zamwa sopo. Wanga. Tiyeni."

Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kumangitsa mwana kumsana, n'kuyamba kuthamanga. Kabaza wanga anawapeza atafika kale.

Ndinawapeza atazimitsa kapampu, atavundukula diramu. "Amayi, tiyenera kuzichotsa m'madzi amenewa, koma madzi osungunula kale palibe. Pakufunika..." Anaima pomwepo. Mawuwo sanawatchule, poti ndinawaletsa.

Mfundo ya chitenje inali itauma, ndinachita kuimasula ndi mano. "Tengani kiyi. Thirani."

"Ndithire ine, amayi?"

"Kodi pali wina akudziwa muyeso wake? Thirani ndi dzanja lanu lomwelo, mpaka m'chigongono."

Jacinta anafika, tinamutuma kumjigo. Phokoso la ndowa linamudzutsa Efulemu m'thiraki mwake, anabwera akutikita m'maso, n'kupeza mkazi wake mkono uli m'diramu.

"Amayi, mwawalola akhudze mchere?"

"Wapha nsomba zako ndine, ndi sopo. Mkazi wako alibe mlandu. Nyamula ndowa."

"Mukuti chiyani, amayi?"

"Kodi ku Beira unasiyako makutu? Nyamula ndowa!"

Ananyamula. Tsiku limenelo malo sanatsegule, makasitomala ankangosuzumira pawindo. Tinazisamutsira m'ndowa ya madzi atsopano, kukhuthula bokosi, kutsukuluza ndi madzi okha, kudzazanso. Ine ntchito yanga inali kugwira mwana ndi kukhala kutali, ndipo ndinaigwira bwino. Kamodzi ka malamba kanatisiya tikuona. Abwana anagona chammbali pansi pa ndowa nthawi yaitali, Efulemu atagwada pambali ngati ali pamaliro. Dzuwa litapendeka anagwedeza mchira wachikasu uja, n'kudzuka, n'kuyamba kuzungulira mosafulumira monga mwa khalidwe lake. Jacinta analulutira.

Madzulo tikuyanika nsalu kuseri, tili awiri, ndinawafunsa apongozi anga.

"Munkadziwa?"

"Ndinkaganizira, amayi. Chivundikiro chinkanunkhira mandimu."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinakufunsani, munati simunakhudze. Ndikananena pagulu akanati mkazi wogwidwa akunamizira apongozi ake kuti apulumuke. Ndiponso inu ndinu amayi."

Achimwene, amati mawu a akulu amakoma akagonera. Anga atagonera ananunkha sopo. Sindinagwade, mawondo anga mukuwadziwa, koma ndinagwira dzanja lija linali lidakali loyera ndi mchere, ndipo sindinalisiye msanga.

Kutacha ndinalawirira kumjigo nthawi imene amayi amachuluka. Udzu umazulidwa pamene unamera. Ndinaima pasimenti n'kunena mokweza kuti ine Nankhoma ndinanamizira mpongozi wanga, nsomba ndinapha ndine ndi ukhondo wanga, ndipo amene anatenga nkhani ija kupita nayo kwina atengenso iyi akaisiye komweko. Mayi uja ndinamuuza poyamba anati, "Aaa, agogo, ife sitinakhulupirire n'komwe." Ndinati, "Ndiye kukhala zii kuja kunali kupemphera?" Noah ndinamuitanitsa, ndinamuuza pamaso, anangovula chipewa n'kupita kukaona kapampu. A Pitala anabwerabe poti anali atanyamuka kale. Asanakhale pansi bwinobwino ndinayamba ndine kulankhula, kuti asavutike kufunsa. Anamvetsera, anapita kukaima pagalasi kuyang'ana Abwana, n'kunena kuti chikhalire nkhoswe sanaweruzepo mlandu wa nsomba zosadyedwa. Kenako nkhope inasintha, anati dzina la mwana wawo ladetsedwa, ndipo pakamwa pakalakwa pamatsukidwa ndi nkhuku. Ine ndinati nkhuku ayi, mbuzi. Sindipepesa ngati munthu wosowa khola.

Tsono musaganize kuti mlongo wanu walowa sukulu. Tsempho lilipo, amayi athu sanali opusa. Koma ili silinali tsempho, linali thovu. Chifuwa cha mwana a kuchipatala anati ndi chimfine cha nyengo yozizira, ndipo chatha, panopa akuyamwa ngati walipidwa kutero.

Zopempha zanga ndi ziwiri. Choyamba, bwerani mudzatsogolere mbuzi imeneyi ku Malingunde. Ndi yaikazi ya mawanga ija, ili ku Mitundu, ndipo ine ndipita nawo ngakhale pa kabaza. Chachiwiri ndi chachikulu, mudzakhale pansi ndi Efulemu. Ine ndinamuuza kale zanga. Ndinati, "Ine ndine nkhalamba, ndinaika adzukulu awiri m'manda, ndinaopa. Iwe unaopa chiyani kuti ulephere kufunsa mkazi wako funso limodzi?" M'thiraki anachokamo, koma kuchipinda sanalowe, amagona pabenchi m'chipinda chodyeramo, pambali pa nsomba zake. Apongozi anga anandiuza kuti mawu anga anawawa, koma chimene chinawalasa ndi chete wa mwamuna wawo. Pamenepo mayi sangalowepo, pakufunika malume. Ulendo wa ku Dar waukana kuti akudikireni, ndiye musachedwe ndi "eya, eya" wanu uja.

Galasi tsopano ndimapukuta ndine, m'mawa uliwonse anthu asanabwere. Nsalu ziwiri zofewa, zimene sizilawa sopo, zili ndi msomali wakewake. Yonyowa imayamba, kaviniga kali pansalu, kuchokera pakati kutsika m'munsi. M'mphepete mwa pamwamba madzi okha, ndipo mchere wokakamirawo suufuna mphamvu, umangounyowetsa, kudikira pang'ono, n'kuupukutira kunja kuti usagwere m'kati. Kenako youma. Ndikuuzeni zoona, ndimapukuta bwino kuposa amene anandiphunzitsa, ngakhale olembawa akuseka. Kasitomala akatambasula chala cha mafuta ndimamuuza kuti, "Bambo, lozani ndi maso." Wina wa thiraki anati, "Agogo, kodi nsombazi ndi zanu?" Ndinati zanga ndi zimene zinafa, izi ndikungosunga.

Mwina mukufunsa za chikwama cha mizeremizere chija. Chikadali kuseri kwa chitseko, ndipo Efulemu akachiona amayesa mkazi wake akadali paulendo. Musamuuze kanthu mukabwera, chimuthandize kuganiza. Koma dzulo posesa ndinachisuntha ndi dzanja limodzi, achimwene, ndi chopepuka ngati chikho. Zovala zinabwerera kale m'malo mwake.

Olembawa ayang'ana pansi. Lembani, amake Chipulumutso, lembani, ndinabadwa kale ine.

Eya, dzanja limene mukuwerengali ndi lawo. Pa Nathenje pano odziwa kulemba ndi ambiri, aphunzitsi alipo, anamwino alipo, koma ndinafuna kuti mawu onsewa adutse m'dzanja limene ndinalinena, kuti pasakhale liwu limene ndauza inu iwo osalimva. Alemba za ulesi wovala nsapato osadumpha, alemba ndi za Noah zomwe, ndipo sanandipemphe kuti tichotse kanthu.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze kuti mbewu ya nyemba ija ndawasungira. Moni kwa ana onse ndi adzukulu. Jacinta akuti moni. Efulemu akanapereka wake, koma ali pabenchi akuyang'ana chitseko. Chipulumutso wagona pamiyendo panga pano, ndipo mphumi yake ndi yanu ndithu, mudzaona nokha. Mukadzafika mudzadya mpiru wotendera wophika apongozi anga. Masana ano ndadya womwewo, mchere anathira okha ine ndikuona, ndipo ndinapempha wina wowonjezera.

Mulungu akusungeni mpaka tionane. Ndapaka inki pachala kuti ndidinde m'munsimu, mudziwe kuti ndine. Ndipo ndawauza kuti pansi pa dzina langa alembe lawo, lonse, kuti muone kuti dzina limeneli ndi la m'nyumba muno.

Ine mlongo wanu,
Esitere Nankhoma

Wolemba ndine mpongozi wawo,
Maness, make Chipulumutso, mkazi wa Efulemu